Kuyambitsa Situdiyo Yojambulira Nyimbo Pakhomo Panu ku Phalombe

Ku Phalombe kuno oyimba si osowa. Mukafika pa Migowi kapena pa Chiringa tsiku la msika, masipika a anyamata oika nyimbo m'mamemore khadi amakhala akupikisana, ndipo zambiri mwa nyimbozo n'za ana a konkuno. Joe Gwaladi ndi Gibo Pearson anamveka dziko lonse ndi kayimbidwe kamene anthu amangokatchula kuti ka ku Phalombe. M'matchalitchi namo, pafupifupi kwaya iliyonse ili ndi nyimbo zopeka yokha zimene imalakalaka zitajambulidwa. Chimene chimavuta ndi ulendo: kunyamula gulu lonse kupita nalo ku Limbe kapena ku Zomba, kulipira galimoto, kudyetsa anthu, kenako n'kulipiranso situdiyo.

Kale woyimba ankadikira mwayi wolowa mu situdiyo ya MBC ku Blantyre, ndipo m'zaka za m'ma 1990 ambiri ankakwera basi wa ku Balaka kukajambulitsa ku IY Studio kwa Paul Banda. Lero ntchito imeneyi itha kugwiridwa m'kachipinda ka pakhomo panu. Koma musanatulutse ndalama mverani izi: nyimbo yomveka bwino imayambira pa chipinda chabata ndi magetsi odalirika, zida zimabwera pambuyo. Ambiri amayambira kumapeto. Amagula masipika akuluakulu ndi mikisa yodzaza mabatani, kenako n'kumadabwa kuti mawu akumveka ngati munthu akuyimbira mu mgolo. Inu tsatani ndondomeko iyi.

Choyamba: sankhani chipinda

Musasankhe chipinda chifukwa choti ndicho chikungokhala chopanda ntchito. Lowanimo, tsekani chitseko ndi zenera, ikani foni pa tebulo ijambule kwa mphindi imodzi inu muli chete. Chitani zimenezi m'mamawa, masana ndi usiku. Mukamvetsera mudzadabwa ndi zinthu zimene makutu anu anazizolowera mpaka kusiya kuzimva: chigayo cha kuseri, njinga zamoto za akabaza, tambala, mbuzi m'khola, amayi akucheza pa mjigo, anyamata akukuwa kumalo oonetsera mpira. Maiki siyisankha, imatola zonsezo. Tengani chipinda chimene chafulatira msewu, ndipo lembani nthawi zimene kunja kumakhala zii, chifukwa zimenezo ndizo zidzakhale nthawi zanu zojambulira.

Chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali n'chokwanira. Ngati n'kotheka pewani chimene mbali zake zonse n'zofanana, chifukwa mmenemo besi imaunjikana, pena n'kumamveka mopyola muyezo, pena osamveka n'komwe.

Kenako yang'anani kudenga. Malata opanda siling'i ndiwo adzakuvutitseni kwambiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mvula ngakhale yongowaza idzakuimitsani ntchito, ndipo mu Okutobala malata akatentha amathetheka, maiki n'kumva. Ikani siling'i, ngakhale ya mphasa kapena ya bango ngati ya matabwa yakula mtengo. Nyumba yofolera udzu imakhala yabata kuposa yamalata, bola isamadonthe.

Musaiwalenso madzi. Akuluakulu amakumbukira napolo wa mu 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi, ndipo tonse tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023. Chida chilichonse chizikhala pa tebulo kapena pa shelefu yam'mwamba, ngakhale ekisitenshoni imene isagone pansi. Pazenera ikani zitsulo, pachitseko loko wamphamvu.

Chachiwiri: letsani mawu kubwerera

Imani pakati pa chipinda, ombani m'manja kamodzi mwamphamvu. Mukamva kamawu kotsalira kakuti "tiii", dziwani kuti mawu akugunda khoma lapulasitala ndi pansi pasimenti n'kubwerera. Mankhwala ake ndi zinthu zofewa komanso zochindikala.

Pitani pa kaunjika mukagule mabulangete olemera 4 kapena 5. Apachikeni pa nsungwi kuti alendewere motalikirana ndi khoma masentimita 5 mpaka 10. Mpata umenewo umathandiza kumeza mawu kuposa bulangete lomamatira kukhoma. Matiresi akale aimikeni m'makona, chifukwa besi imakonda kudzaza mmenemo. Pansi yalani mphasa, pamwamba pake kapeti kapena bulangete lina. Ngati muli ndi kangachepe, uzani kalipentala akukhomereni mafelemu anayi a masentimita 60 m'lifupi, 120 m'litali ndi 10 kuchindikala. Dzazanimo zovala zakutha kapena siponji ya matiresi, kutani ndi chitenje, mupachike kumanja ndi kumanzere kwa pamene muzikhala, ena awiri kumbuyo kwa woyimba.

Musataye nthawi kumata mathireyi a mazira m'makoma, ngakhale mwawaona m'masitudiyo ena. N'ngopyapyala, besi saikhudza, phokoso lakunja salitchinga. Amangosunga fumbi ndi mphemvu, ndipo moto ukabuka amayaka msanga. Dziwaninso kuti mabulangete ndi matiresi amangokonza m'kati. Phokoso la chigayo limatchingidwa ndi khoma la njerwa, chitseko cholemera, ndi kutseka mipata. Dulani chubu chakale cha njinga, khomerani mphirayo m'mphepete mwa chitseko ndi zenera. Pamene papita mphepo, papitanso phokoso.

Musakute chipinda chonse, theka la makoma n'lokwanira. Mukamaliza ombaninso m'manja: kamawu kaja kakasowa, mwatha. Ntchito yonseyi ndi ya masiku awiri kapena atatu. Chipinda chotere chimatentha, choncho muzitsekula chitseko mukatha gawo lililonse. Fani muzizimitsa pojambula. Kandulo, koloboyi ndi mbaula zisalowemo.

Chachitatu: konzani za magetsi

Magetsi a ESCOM amazimazima, ndipo mphindi yoopsa ndi imene akubwerera, chifukwa nthawi zina amafika ndi mphamvu yopyola 230 volts imene zida zimayembekezera. N'chifukwa chake laputopu imaposa kompyuta ya pa desiki: magetsi akazima batire lake limapitiriza, zimene mwajambula osatayika. Gulani kachipangizo koteteza konga kamene amaika pa filiji, ndipo zida zonse zizilandira magetsi kudzera pamenepo. Kukayamba ziphaliwali zulani mapulagi kukhoma, kungozimitsa sikokwanira.

Kumene magetsi sanafike, sola imagwira ntchitoyi bwinobwino. Masamu ake ndi awa. Laputopu pamodzi ndi sound card, kabokosi kolumikizirako maiki, zimadya pafupifupi 60 watts. Batire la 12 volts la 100Ah limasunga 1,200 watt-hours, koma mabatire ofala aja safuna kutsika kupyola theka, ndiye werengerani 600. Mukagawa ndi 60 mupeza maola 10. Chotsanipo zimene inveta imadya yokha, mutsala ndi maola pafupifupi 8. Sola ya 150 kapena 200 watts imabwezeretsa zimenezo tsiku ladzuwa, koma masiku a chiperoni, mu Juni ndi Julayi, batire silidzaza msanga, choncho musalonjeze anthu ambiri.

Pogula inveta onetsetsani kuti palembedwa kuti pure sine wave. Zotchipa zija zimalowetsa kaphokoso kakuti "zzzz" m'nyimbo, ndipo kakalowa n'kovuta kukachotsa. Kaphokoso komweko kamachokeranso ku tchaja ya laputopu. Mukakamva, zulani tchajayo mujambulire pa batire.

Chachinayi: gulani zida chimodzichimodzi

Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja sikhazikika. Choncho mitengo ili apayi ndi ya m'madola, mmene zimagulitsidwira kunjako. Zikafika ku Limbe yembekezerani kuwonjezerapo za msonkho, za ulendo ndi phindu la wogulitsa.

Laputopu. Imeneyi ndiyo idzadye ndalama zambiri, madola 150 mpaka 250 yogwiritsidwapo kale ntchito. Funani ya Core i5, RAM ya 8GB, komanso SSD. Musanalipire yesani mabowo onse a USB, onani kuti batire likukhala nthawi yaitali bwanji, ndipo ikani khutu mumve ngati fani yake siikusokosa.

Sound card. Aka ndi kabokosi kamene kamalandira mawu ochokera mu maiki n'kuwapereka ku kompyuta. Behringer UM2 kapena M-Audio M-Track Solo ndi pafupifupi madola 50, Focusrite Scarlett Solo pafupifupi madola 130. Ngati mukulinga makwaya, pezani yolowa maiki ziwiri, monga Behringer UMC202HD kapena Scarlett 2i2. Musagule tating'ono tija tooneka ngati fulashi, timalira mphepo. Mikisa simukuifuna pakadali pano.

Maiki. Ilipo mitundu iwiri. Ya condenser ndi imene mumaiona m'mavidiyo: imatulutsa mawu osalala, koma imamva ndi tambala wa khomo lachitatu. Audio-Technica AT2020 ndi pafupifupi madola 100. Ya dynamic ndi yogwira pamanja ija, yonga ya kutchalitchi: imamva kwambiri amene ali pafupi, ndipo imapirira fumbi, chinyezi ndi kugwa. Shure SM58 ndi pafupifupi madola 100, Behringer XM8500 pafupifupi madola 25. Kwa munthu wa pamudzi kapena wa pafupi ndi msika, yambani ndi dynamic. Chenjerani ndi zachinyengo. SM58 yatsopano yogulitsidwa pa mtengo wosafika theka la umenewu si yeniyeni. Musakopekenso ndi zonyezimira zagolide zolembedwa BM-800, kukongola kwake n'kwa pamaso chabe.

Mahedifoni. Gulani a chingwe, otseka khutu lonse, monga Audio-Technica ATH-M20x a madola pafupifupi 50. A Bluetooth amachedwetsa mawu, ndipo owonjezera besi amakunamizani. Mukapeza ndalama onjezerani achiwiri, anu ndi a woyimba.

Zing'onozing'ono. Pezani chingwe cha XLR cha mamita 3 mpaka 5, ndipo chachiwiri chizikhala padera. Choimikira maiki angakupangireni wowotcherera wa pamsika. Kasefa kotchinga mpweya wa m'kamwa pangani nokha: pindani waya wa hang'ala ukhale wozungulira, muuveke sitoko yopyapyala ya amayi, mumangirire kutsogolo kwa maiki.

Zonsezi, kupatula laputopu, ndi madola 150 mukatenga zotsika mtengo, ndi 300 kapena kupyola pang'ono mukatenga zapamwambako. Masipika a situdiyo ndi kiyibodi ya MIDI zidikire chaka chamawa. Musatenge katapila chifukwa cha zida. Gulani china mukagulitsa nandolo, china mukagawana za banki m'khonde. Popita kukagula nyamulani laputopu muyesere pomwepo. Ngati mukutuma m'bale wa ku Johannesburg, mutumizireni chithunzi ndi dzina lonse la chidacho, apo ayi angakubweretsereni maiki ya disiko.

Chachisanu: sankhani pulogalamu imodzi

Anyamata ambiri opanga mabiti amagwiritsa ntchito FL Studio, ena Cubase. Zambiri zimene zimayenda m'mafulashi n'zobedwa, zimabwera ndi mavayirasi ndipo zimatha kuima pakati pa ntchito woyimba ali pa maiki. Njira zoongoka zilipo. Audacity ndi yaulere ndipo imakwanira kujambula mawu ndi gitala. Reaper imachita chilichonse, mumaiyesa ulere masiku 60, kenako chiphaso chake ndi madola 60. Pa foni pali BandLab, yaulerenso, yabwino kuphunzirirapo musanapeze laputopu. Sankhani imodzi muidziwe mpaka pansi. Wodumphadumpha amatha chaka asanamalize nyimbo.

Chachisanu ndi chimodzi: tsiku lojambula

1. Woyimba abwere ataidziwa kale nyimbo yake. Gwirizanani za kiyi ndi liwiro musanadine chilichonse. Ngati akukuwa kuti afike mawu am'mwamba, tsitsani kiyi.

2. Lumikizani maiki ku sound card ndi chingwe cha XLR. Ngati ndi ya condenser, dinani batani la 48V mutalumikiza kale, ndipo lizimitseni musanazule chingwe. Ya dynamic siifuna 48V.

3. Mu pulogalamu sankhani driver ya sound card yanu, 24-bit, ndi 44.1 kapena 48 kHz. Woyimba akadandaula kuti mawu ake akuchedwa kufika m'mahedifoni, tsitsani buffer pa 128 kapena 256, kapena yatsani direct monitor.

4. Muuzeni ayimbe pamene nyimbo imakwera kwambiri, inu mukupotokola batani la gain la pa sound card pang'onopang'ono. Mawu azifika pakati pa -12 ndi -6 dB. Kagetsi kofiira kakayaka, mawu asweka, ndipo osweka sakonzeka. Kuli bwino kujambula motsika n'kudzakweza pambuyo.

5. Pa condenser, woyimba atalikire chikhatho chimodzi chotambasula, masentimita 15 mpaka 20. Pa dynamic ayandikire, zala ziwiri kapena zitatu. Muuzeni anene kuti "mphepo ya ku Phalombe". Mukamva kuti "bu, bu" m'mahedifoni, sendezani kasefa kaja kapena potozani maiki pang'ono kuti mpweya uzidutsa m'mbali.

6. Mafoni onse azimitsidwe kapena atsale panja. Zibangili zivulidwe, masilipasi asamakhwekhwerezedwe. Mahedifoni a woyimba asakwere kwambiri, biti ingatayikire mu maiki.

7. Jambulani katatu, musankhe mbali zabwino. Muzisunga ntchito mphindi zingapo zilizonse. Woyimba mmodzi ndi mawu ake othandizira amatha maola 3 kapena 4.

8. Kumikisa kudikire mawa, makutu atapuma. Yambani ndi kulinganiza kukwera kwa chida chilichonse kuti mawu a woyimba amveke liwu ndi liwu. Pa mawu ake dulani zonse za pansi pa 80 Hz, kumeneko kumangokhala kugunda kwa mapazi ndi kulira kwa magalimoto. Reverb ikhale yochepa. Auto-Tune imawongola wophonya pang'ono, siisandutsa wosayimba kukhala woyimba.

9. Mvetserani nyimboyo kumene anthu adzaimvere: pa foni yaing'ono ya mabatani, pa kasipika ka Bluetooth, pa wailesi ya minibasi, pa sabuufa ya m'golosale. Ikamveka bwino monsemo, yapsa.

10. Tulutsani mafayilo awiri. WAV ndi wosunga ndi wopereka ku wailesi monga Mzati FM ya ku Mulanje, nyimbo ya mphindi 4 ya 16-bit imakhala pafupifupi 40MB. MP3 ya 320 kbps ndi yogawira anthu, pafupifupi 10MB. Pa WhatsApp muzitumiza ngati document kuti ifike mmene mwaipangira.

Kwaya ndi ng'oma

Anthu 20 musawapanikize m'kachipinda kanu. Nyamulani laputopu mupite kutchalitchi kwawo pakati pa sabata, m'mamawa kusanayambe phokoso. Aimikeni mokhota, a mawu amphamvu kumbuyo, ofooka kutsogolo. Maiki ziwiri ziime pakati, mamita 2 kuchokera pa mzere woyamba, mokwera pang'ono kupyola mitu yawo. Apa ndi pamene condenser imaonetsa ubwino wake. Musalonjeze nyimbo zoposa 3 kapena 4 pa tsiku, chifukwa mawu amatopa.

Ng'oma zimafuna pabwalo. M'chipinda zimangomveka chiphokoso. Ziyandikizireni maiki ya dynamic ndipo tsitsani gain. Ngati mukufuna kujambula tchopa, gule wa Alhomwe amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2014, yambani mwakhala pansi ndi akuluakulu a gululo. Auzeni kumene nyimbozo zikupita, mugwirizane za malipiro, ndipo mukamaliza apatseni zawo.

Kusamala zida ndi ntchito za anthu

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mdani ndi fumbi, ndiye muzifunditsa zida ndi chitenje mukaweruka. Nyengo ya mvula ndi ya chiperoni mdani ndi chinyezi. Maiki ya condenser muziibwezera m'bokosi lake pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Musadyere pa tebulo la zida, chifukwa nyenyeswa zimaitana nyerere, ndipo nyerere zimakonda kumanga m'kati mwa laputopu momwe mukufunda. Zingwe muzizikulunga mozungulira, osazipinda pachigongono.

Nyimbo iliyonse izikhala malo awiri: mu laputopu ndi mu hard drive kapena fulashi yosungidwa m'nyumba ina. Laputopu ikabedwa kapena kupsa, kwaya imene inasonkha ndalama siidzamva zoti pepani.

Ndalama, umwini ndi anansi

Miyezi 3 mpaka 6 yoyamba ndi yophunzira. Jambulani anzanu ndi kwaya ya kwanu ulere kapena pa mtengo wa mayunitsi a magetsi. Mukayamba kulipiritsa, tchulani mtengo pa nyimbo iliyonse, landirani theka poyamba, lotsalalo potenga nyimbo. Nenanitu kuti kukonza n'kawiri kokha, apo ayi munthu adzabwera sabata iliyonse kuti mukweze gitala.

Lembani pa pepala amene wapeka nyimbo, amene wapanga biti, ndiponso ngati bitiyo mwamugulitsa yense kapena mungaiperekenso kwa wina. Nonse musayine. Mikangano yambiri imabuka nyimbo ikatchuka. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limatolera ndalama za eni nyimbo kuchokera ku mawailesi ndi malo ena ozigwiritsa ntchito, ndipo lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limateteza wopeka ndi wojambula yemwe. Kalembetseni, ndipo limbikitsani oyimba anu kuchita chimodzimodzi. Musatenge biti ya munthu wina pa intaneti n'kuigulitsa ngati yanu.

Adziwitseni anansi ndi amfumu za ntchito yanu isanayambe. Ikani nthawi yotsekera, ndipo usiku muzigwiritsa ntchito mahedifoni. Mowa ndi fodya zikhale kutali ndi situdiyo. Mwana wa sukulu akafuna kujambulitsa, abwere masana ndi kholo kapena mkulu wake. Mbiri ya khomo lanu ndi imene idzabweretse makwaya ndi magulu a amayi.

Musadikire kuti ndalama zonse zikwane. Sabata ino lowani m'chipinda chija ndi foni yanu, mvetserani, ombani m'manja, pachikani mabulangete, mujambule nyimbo imodzi pa BandLab. Pofika nthawi yogula maiki mudzakhala mukudziwa kale chimene mukufuna, ndipo wogulitsa sadzakupusitsani.